Magazi Achiwiri a Orest

Dzuwa lili paliwombo, Orest Kowalchuk anazimitsa makina okololera tirigu n'kutsika dzanja lili pachifuwa. Mkazi wake Lorna, amene anamubweretsera khofi kumundako, atangoona nkhope yake mtima unati myuu! Mlongo wake wa Lorna anafera m'munda chonchi zaka zinayi zapitazo.

"Ndi chilungulira chabe," anatero Orest. "Soseji ya m'mawa ija."

"Kwera galimoto. Za soseji yakoyo ukawauze adokotala."

Kuchipatala cha m'tauni, kumalo olandirira odwala mwadzidzidzi, anapeza nesi wina wamfupi dzina lake Rosalind Dimaano. Iye anayeza Orest kuthamanga kwa magazi, kugunda kwa mtima, kapumidwe ndi kutentha kwa thupi. Anamupana chala ndi kachipangizo koyeza mpweya m'magazi, anamumata timawaya pachifuwa kuti aone mmene mtima ukugwirira ntchito, kenaka anamutenga magazi pamkono. Dokotala ataona pepala la mtimalo, anawauza kuti adikire.

Kudikira! Lorna sanathe kukhala pansi. Mayi wina amene anafika pambuyo pawo, thukuta lili kamukamu, anamulowetsa mothamanga pa bedi lamawilo. Lorna ankangoyang'ana mwamuna wake, kuwerenga kupuma kwake. Akatsinzina pang'ono, ankamugwedeza.

Patapita ola limodzi nesi uja anabwera. "Zotsatira zoyamba zili bwino, bambo. Titenganso magazi ena pakatha maola awiri."

Orest anadzuka n'kutenga chipewa. "Ngati zili bwino, ndapita. Mvula ikubwera Lachinayi, tirigu wanga akadali chilili."

"Iwe, khala pansi!" anakalipa Lorna. Anatembenukira kwa nesiyo. "Chonde mugonekeni m'chipatala muno sabata yonse. Ena mwawalowetsa, ife mwatisiya pa benchi. Kodi mukudikira kuti agwe kaye?"

Rosalind anakoka mpando n'kukhala pakati pawo.

"Mayi, mantha anu ndawamva. Koma sititenga anthu potsata amene wayamba kufika. Timayamba ndi amene zoyeza zikusonyeza kuti ali pangozi. Amuna anu zonse tayeza zija zili m'malo mwake, ndipo tikuwayezabe nthawi ndi nthawi."

"Mwamva? Ndilibe vuto," anatero Orest.

"Dikirani, bambo, sindinamalize. Mtima ukavulala umatulutsa chizindikiro china m'magazi, koma chimachedwa kuoneka. Magazi oyamba akhoza kukhala oyera vuto lilipo. N'chifukwa chake timayeza kawiri. Mukachoka pano tsopano, palibe amene akudziwa ngati mukafike kumunda."

Orest anayang'ana chipewa chake, anayang'ananso mkazi wake amene misozi inali italengeza. Anakhala pansi pang'onopang'ono.

"Chabwino. Koma singano yachiwiriyo mumubaye Lorna, ndi amene wandibweretsa."

Lorna sanaseke. Anaimbira foni a Friesen, oyandikana nawo munda, ndipo iwo anati akamaliza kwawo alowetsa makina awo mu tirigu wa Orest. Kenaka anagwira dzanja la mwamuna wake mwamphamvu mpaka maola awiri aja anakwana. Nesi uja anatenga magazi achiwiri, ndipo iwo anadikiranso.

Chakumadzulo dokotala anawaitana. Anafunsa zaka za Orest, ngati amasuta fodya, ngati ali ndi shuga, ngati kwawo kunali wodwala mtima.

"Magazi onse awiri ndi abwino, pepala la mtima nalonso lilibe vuto," anatero dokotalayo. "Tikaphatikiza zonsezi, inu muli m'gulu la odwala amene chiopsezo chawo n'chochepa kwambiri. Mungathe kupita kunyumba."

"Kunyumba?" anafunsa Lorna. "Nanga zikayambiranso?"

"Sitikukuthamangitsani, mayi. Lolemba abwere adzayezetse mtima akuyenda pa makina. Lero ndi mawa apume. Koma ululu ukabweranso, kapena akayamba kubanika, kutuluka thukuta lozizira, kapena ululuwo ukafika kumkono ndi kunsagwada, imbani 911, nambala yoitanira ambulansi, nthawi yomweyo. Musadzamunyamulenso pa galimoto yanu."

Rosalind anawalembera zizindikirozo pa pepala ndi zilembo zikuluzikulu, ndipo Lorna atafika kunyumba analimata pa chitseko cha filiji.

Lolemba Orest anapita kukayezetsa, akung'ung'udza njira yonse. Mtima unapezeka wolimba. Vuto linali la m'mimba, ndipo anamupatsa mankhwala. Potuluka, Lorna anapuma mpweya wautali n'kumusiyira makiyi kuti ayendetse yekha galimoto.

Kupweteka kwa pachifuwa si kochedwa nako, pitani kuchipatala msanga. Mukafika, musachoke zoyeza zonse zisanathe. Ndipo madokotala akakuyezani mokwanira n'kunena kuti mungapite kunyumba, sikuti akunyozani. Funsani zizindikiro zoopsa, sungani tsiku lobwereranso, ndipo bedi lisiyireni amene moyo wake uli pangozi.