Zigubu Zinayi za ku Msakambewa

"Musatsitse, mayi! Musatsitse ayi!" anakuwa a Hashim ali pakhomo pa golosale yawo pa Mponela.

Mayi Eveline anali atamasula kale zigubu zinayi pa njinga ya kabaza. Munali mafuta ophikira a mpendadzuwa amene gulu lawo la amayi khumi ndi awiri linkayenga ku Msakambewa. Kwa zaka zitatu a Hashim ndiwo ankawagula onse.

"Bwanji, a Hashim? Mafuta athu aipa liti?"

"Sanaipe, koma tasuzumirani umo." M'mashelefu munali mutadzaza mabotolo onyezimira, olembedwa chilankhulo chachilendo. "Abwera dzana pa thiraki. Akuti msonkho wa pamalire anautsitsa, ndiye ngotchipa kuposa anuwo. Munthu waganyu safunsa kochokera mafuta, amafunsa mtengo."

Mayi Eveline anatenga botolo limodzi.

"Mathiraki omwewa si amene amadzatuta soya ndi mpendadzuwa wathu pamtengo wolira? Lero akutibwezera m'botolo! A boma anatiuza kuti lekani kugulitsa mbewu chabe, yengani mafuta, dziko litukuke. Ife tayenga. Ndiye atiika m'khola n'kutsegulira afisi chitseko?"

"Mukundikalipira ngati malirewo ndi anga," anatero a Hashim. "Njovu zikamamenyana umavutika ndi udzu. Ine ndi inu tonse ndife udzu."

"Udzu wanji wovala nsapato zatsopano?"

Anthu amene anaunjikana pakhonde anaseka. A Hashim anatsitsa mawu. "Chabwino, siyani chigubu chimodzi, ndiyesa."

"Chimodzi! Amayi anzanga anasiya kulima fodya chifukwa cha makina athu oyengera mafuta aja. Ndikawagawire ndi supuni?"

Anamanganso zigubu zonse. Anazungulira kwa okazinga tchipisi m'mphepete mwa msewu, chiwaya ndi chiwaya. Aliyense ananunkhiza mafutawo, n'kuwayamikira, kenako n'kuloza botolo lachilendo limene linali pansi pa tebulo. Dzuwa linafika paliwombo asanagulitse ngakhale dontho.

Anaima pa siteji ya minibasi n'kuimbira foni Rebeka, mlembi wa gulu lawo.

"Rebeka, zimitsani makina."

"Magetsi alipo lero, mayi. Tizimitsirenji?"

"Ndati zimitsani. Uzani amayi onse kuti mawa m'mawa tikupita ku Dowa Boma. Zigubuzi tikazitula pakhomo pa amene anatiuza kuti tiyenge. Akatiuze okha ngati timwe kapena tisambe."