Masamba a Mwezi Wathunthu

Tsiku lomwe adokotala ananena kuti bambo magazi akuthamanga ndipo shuga wakwera, achimwene ake a Kamoto sanadikire n'kufika pakhomo komwe. Anayambira m'galimoto momwemo.

"Bambo abwere kwathu. Kwathu kuli filiji, komanso alamu ako amadziwa kuphika. Iwe uwapha ndi buledi."

Kamoto, yemwe dzinali analipata chifukwa cha mtima wake wapachala, anamva kutentha mpaka m'makutu. Chimwalirireni mayi, ndani ankachapa malaya a bambo? Ndani ankapirira wailesi yawo yolira ngati njuchi? Achimwene ankangotulukira mwa apo ndi apo atanyamula botolo la chakumwa chotsekemera, n'kuchoka akutamandidwa ngati agwetsa mvula. Lero munthu yemweyo akuti buledi!

"Bambo sapita kulikonse," anatero Kamoto. "Ndipatseni mwezi umodzi. Mukadzapeza zinthu sizili bwino, mudzawatenge."

Bambo anali kumpando wakumbuyo, akuyang'ana panja ngati nkhaniyo ndi ya munthu wina.

Kukonza mafoni Kamoto anadziphunzitsa yekha poonera makanema, ndiye zamasamba zikanamukanika bwanji? Anakhala pabenchi yake yantchito, chowotcherera mawaya dzanja lino, foni dzanja linalo, kumvetsera anthu osalala a m'makhitchini owala. Osapita kogula zinthu uli ndi njala. Dengu lidzaze ndi zobiriwira. Zam'mapaketi uzingozipatsa moni n'kudutsa. Pofika Lachisanu anali atayamba kale kulalikira makasitomala obwera ndi mafoni ogwera m'madzi.

Koma m'nyumba mwawo kugula kunali kwa kamodzi pamwezi. Mayi anawalera choncho: thumba la mpunga, mafuta, mchere, sopo, zonse tsiku limodzi, kabati n'kutseka mpaka mwezi wamawa. Kugula mothyolathyola mayi ankati n'kwa anthu opanda mutu. Kamoto mutu anali nawo, ndipo ankafuna achimwene auone.

Loweruka anadya mpaka kukhuta monga analangizidwira, n'kutenga matumba akuluakulu ulendo wakumsika. Anagula makabichi, mitolo ya masamba, dengu la matimati, mapeyala, nthochi mkoko wonse.

"Achemwali, mukuweta mbuzi?" anafunsa mayi wogulitsa masamba.

"Akadabwera mwamuna wa taye simukanamufunsa zimenezo! Ikani m'thumba."

Mayiyo anaika, akuseka chamumtima.

Masiku oyamba zinali bwino zedi. Khitchini inkaoneka ngati munda. Kamoto anajambula zithunzi n'kutumizira achimwene popanda mawu alionse, kuti ziwawawe bwino. Kenako masamba anayamba chikasu. Mapeyala anapsa onse tsiku limodzi ngati anachita kupangana. Nthochi zinada. Matimati apansi pa dengu anayamba kuchucha, ndipo tintchentche tating'ono tinasamukira m'nyumba ndi abale awo omwe.

Kutaya kukanakhala kugonja, choncho Kamoto anaganiza zothamangitsana ndi kuola. M'mawa masamba, masana masamba ndi peyala, madzulo kabichi ndi masamba.

"Mayi," anatero bambo akuyang'ana m'mbale, poti akafuna kumuseka ankamutcha choncho, "ndikangoyamba kulira kuti mee, musadabwe."

"Idyani, bambo. Muli mavitamini."

"Mavitaminiwo akununkha."

Achimwene sanadikire kuti mwezi uthe. Anafika Lamlungu lina masana pamodzi ndi alamu, ndipo fungo ndi lomwe linawalonjera pakhomo.

"Mwafera khoswe muno?" anafunsa achimwene.

 Alamu, munthu waulemu, anangotsegula kabati yapansi pa sinki, n'kuitsekanso msangamsanga. Kabichi yemwe Kamoto anamubisa m'menemo anali atasanduka phala.

"Ndinanena ine," anatero achimwene. "Bambo, konzekani."

 Pangano Kamoto analiika yekha, pamaso pa mboni, ndipo iye ndi amene tsiku lililonse ankakalipira anthu osasunga pangano. Analowa kuchipinda, n'kutsitsa chikwama cha bambo pamwamba pa wadirobu. Anapinda malaya, anaikamo mankhwala, ngakhale wailesi yosokosa ija.

Potuluka anapeza bambo atakhala phee pampando wawo, miyendo atapingasa.

"Chikwamacho n'cha ndani?"

"Chanu, bambo."

"Kodi ine ndine thumba la mpunga? Uyu akuti abwere kwathu, uyu akuti sapita kulikonse. Alipo wandifunsa?"

 Kamoto anayang'ana pansi. Iye wolimbana ndi kupondereza kulikonse, kuyambira kwa eni nyumba mpaka kwa makondakitala, sanaganizepo zofunsa mwini mimba.

Bambo analoza achimwene. "Filiji yako ndinaiona. Muli zakumwa ndi masoseji okhaokha, ndingakafe msanga kuposa kuno. Ndikhala pano." Kenako anatembenukira kwa Kamoto. "Iwe, masamba si sopo. Kuyambira mawa, ndiwo za tsiku ndi tsiku ndizikagula ndekha. Iwe uzigula zomwe sizingakuolere."

Achimwene anachoka atakwinya nkhope, alamu akubisa kumwetulira ndi kansalu. Kamoto anathera madzulo onse akututa zoola ndi ndowa, aneba akusuzumira pamawindo.

M'mawa mwake anapeza bambo atavala kale chipewa, kathumba kakang'ono kali m'manja. Anayesa kudzigwira, koma zinamukanika.

"Bambo, mwadya kaye? Akuti si bwino kupita kumsika muli ndi njala."

"Akuti ndani?"

Kamoto anayang'ana foni yake, n'kuilowetsa m'thumba. Bambo anatuluka akuimba mluzu, ndipo anabwerako ndi kamtolo kamodzi ka masamba ndi matimati awiri.