Chipewa cha ku Bilbao

Apongozi anga, bambo Aloysius, anafika ku Perth mu Febuluwale 2020 ndi masutikesi awiri, ina ya kuno, ina ya ku Bilbao. M'ya kunoyo munali zovala, Baibulo ndi mankhwala a BP. Ya ku Bilbao inali yomanga ndi lamba ndipo sinkatsegulidwa. Munali suti, nsapato zatsopano ndi chitenje chimene anagulira mwana wawo wamng'ono, Gladness, yemwe ankaphika mu lesitilanti ina mumzinda umenewo, kumpoto kwa Spain. Pulani inali yoti akhale nafe ku Joondalup, kumpoto kwa Perth, miyezi iwiri, kenako mu Epulo akwere ndege kukamuona.

Ine ndine Enock, mkamwini wawo. Sukulu ndinasiyana nayo ku Fomu 2, popanda wodandaula mbali zonse ziwiri. Ndadulapo kapinga wa azungu ku Joni, ndatsukapo mbale ku Durban, ndipo kuno ndinalowa pa viza ya mkazi wanga Felesta, nesi, ngati chikwama cha m'manja. Ndimagwira ntchito kukhitchini kunyumba yosungirako okalamba, kupera chakudya cha anthu amene mano anawathawa kalekale.

Apongoziwo anali mphunzitsi wopuma wa ku Dedza, ndiye ulendowu anaukonzekera ngati mayeso a Sitandade 8. Gladness ankaimba foni tsiku lililonse madzulo, kwawoko kukali m'mawa, iwo n'kumalemba m'kope malo onse amene adzawatengereko, ndi manambala omwe. Nambala wani inali nyumba ya zojambulajambula imene akuti anthu amachokera maiko akutali kudzaiona. Nditaiona pa foni ndinawauza kuti amenewo ndi malata a tchalitchi amene mphepo yawasasula n'kuwaunjika m'mbali mwa mtsinje. Nambala thu anali galu wamtali ngati nyumba, wopangidwa ndi maluwa. Nambala fili chinali chakudya chimene Gladness ankakonza: kachidutswa ka buledi, kansomba pamwamba, katsabola, zonse kuzibaya ndi kamtengo kotokosera m'mano. Ndinawalangiza kuti adzatengeko chinangwa m'thumba la jekete. Anandiyankha kuti munthu amene amadyetsa azungu phala la nyama asanyoze luso la anzake.

Panalinso masitepe oposa mazana atatu okwerera ku tchalitchi cha paphiri, ndipo Gladness anawachenjeza kuti sadzawabereka. N'chifukwa chake tsiku lililonse fili koloko ankapita kukayenda ku paki ya m'mbali mwa dziwe, atavala chipewa chimene Gladness anawatumizira, chakuda, chafulati ngati chitumbuwa chimene wina wachikhalira. Akuti n'chimene amavala madala a kumeneko. Anaphunziranso kuthokoza m'chinenero chawo, eskerrik asko, mawu omveka ngati injini ya chigayo ikukana kulira.

Kenako mliri unafika, malire n'kutsekedwa. Lesitilanti ya Gladness inatsekedwa, iye anayamba kutsokomola, ndipo kumayambiriro kwa Epulo anagonekedwa m'chipatala. Foni ya madzulo ija inasiya kulira. Apongozi anapitiriza kuyenda, akuti miyendo isaiwale.

Lachiwiri ndili pa buleki kuseri kwa khitchini, anandiimbira Paulo, bambo wa ku Tete amene ankatsuka mbale kumene Gladness ankaphika. M'Chinyanja chake cha kumalire anandiuza kuti Gladness anatisiya Lolemba. Thupi silingakwere ndege. Adzamuika Lachisanu leveni koloko ya kumeneko, faivi koloko yamadzulo kuno, ndipo kumanda akulola anthu atatu okha. Anati iye akhala mmodzi mwa atatuwo, ndipo akhoza kutigwirira foni kuti bambo ake aone.

Felesta ndinakamuuza pa kapaki, poimika magalimoto kuntchito kwake. Analirira m'galimoto mawindo ali otseka, kenako anasamba kumaso ndi madzi a m'botolo n'kuimbira amalume ake, a Davies, ku Dedza. A Davies sanachedwe kugamula. Anati alamu awo asauzidwe. Anatikumbutsa kuti mayi ake a Felesta atamwalira, bamboyo anagwa pakhomo la chipatala n'kugonekedwa sabata yathunthu. Adzauzidwa akadzafika kumudzi, abale atawazungulira, monga zimakhalira.

Kwathu munthu wa kutali sauzidwa maliro pa foni. Amangoitanidwa kuti abwere msanga. Amakwera basi, amatsika pa siteji, ndipo akamayandikira mudzi amaona yekha masamba atayalidwa modula msewu ndi mipando itatulutsidwa panja. Pofika pakhomo amakhala atayamba kale kudziwa, ndipo pamakhala anthu omugwira akamagwa. Ndi mwambo wabwino, ine sindiunyoza. Koma unakonzedwa ndi anthu amene basi yawo inkabwera. Ndinafunsa kuti apongoziwo adzafika liti kumudzi ndege zonse zili pansi. A Davies anauza Felesta kuti akumbutse mwamuna wake kuti pa maliro ntchito ya mkamwini ndi kuwaza nkhuni ndi kunyamula mabenchi.

Lachitatu ndi Lachinayi tinakhala nawo m'nyumba ngati akuba. Felesta ankatenga shifiti iliyonse imene yapezeka. Ine ndinkawaphikira tiyi, kuwauza kuti m'chipatala cha kumeneko salola mafoni. Iwo ankagwedeza mutu n'kutsegula kope lawo. Lachinayi pa chakudya chamasana anandiyang'ana nthawi yaitali.

"Akamwini," anatero, "masiku awiri tsopano simunanyoze chipewa changa. Mwadwala?"

Ndinati ndatopa ndi ntchito. Sanafunsenso.

Madzulo ake ndinaimbira a Mutale, mkulu wa mpingo wathu, wa ku Zambia, amene amakhala ku Cannington. Ndinaganiza kuti nkhani ikachoka pakamwa pa mkulu wa mpingo, a Davies sadzakhala ndi pondigwirira. A Mutale anapepesa kwambiri, koma anati lamulo silikulola kuyenderana m'nyumba, ndipo akazi awo ali ndi shuga. Ndinawapempha kuti angodzaima pa geti atavala masiki. Anati nkhani ya so siikambiwa pa geti monga munthu agulisa tomato. Ananena zoona, ndipo zoonazo sizinandithandize kalikonse.

Lachisanu m'mawa Felesta akuvala yunifolomu anandiuza kuti iye akaonera maliro m'galimoto pa kapaki. Ndinamuuza kuti tsiku lina bambo adzafunsa kuti pamene mwana wawo ankaikidwa iwo anali kuti, ndipo tidzawayankha kuti anali ku paki, akuphunzira kukwera masitepe.

"Akagwa uwadzutsa ndiwe?" anatero. "Ndataya mng'ono wanga Lolemba. Ukufuna nditayenso bambo Lachisanu?"

Anatenga makiyi n'kutuluka.

Tsiku limenelo sindinapite ku ntchito. Kawiri konse ndinakaima pakhomo la chipinda cha apongozi n'kubwerera. Ine amene ndinanamizapo apolisi a pa Beitbridge popanda kuphethira, mawu atatu okha anandikanika. Fili koloko itakwana anavala chipewa chija, natenga ndodo, n'kunditsanzika. Ndinatsala ndi maola awiri.

Ndinakhala pa sofa n'kukumbukira mawu a a Davies, akuti ntchito yanga ndi kunyamula mabenchi. Ndinaimirira. Ndinatumizira Felesta uthenga kuti afike kunyumba hafu folo ndi makina ake oyezera BP, asandifunse. Kenako ndinakoka sofa kuitulutsa panja, mipando yonse ya pabalaza, ndi tebulo lomwe. Pansi pabalaza ndinayala mabulangete. Kumpanda kuli mtengo wa bulugamu wa neba wathu umene nthambi zake zimagwera kwathu. Ndinathyola zokwanira n'kuziyala modula kanjira kolowera pa geti, zina chakumtunda, zina chakumunsi, monga timachitira pa msewu.

Neba, mzungu wachikulire, anasuzumira n'kufunsa ngati sofayo ndikutaya, poti kuno katundu wotha ntchito amaikidwa panja kuti akhonsolo adzatole. Anati ngati ndi choncho mwana wake angaikonde. Ndinamuuza kuti sikutaya, kuli maliro. Anayang'ana masamba aja, anandiyang'ana ine, n'kubwerera m'nyumba mwakachetechete.

Apongozi anatulukira pakona itangodutsa folo koloko. Ndinawaona akubwera ndi kayendedwe kawo ka ahedi, ndodo ikugunda pansi. Atafika pa masamba oyamba anaima. Anayang'ana pansi, kenako mipando, kenako ine. Dzanja linakwera lokha n'kuvula chipewa, monga amachitira mwamuna aliyense wa kwathu akafika pa masamba. Anaima pomwepo nthawi imene sindingaiyeze. Ndinasendera pafupi manja ali okonzeka, koma sanagwe. Anadutsa masamba aja n'kukakhala pa mpando panja, kumene amakhala amuna. Ine ndinanjuta pansi.

"Liti?" anafunsa.

"Lolemba, bambo."

Anawerenga masiku ndi chala pa bondo. "Lero ndi Lachisanu."

"Inde."

"Aika kale?"

Ndinawauza za faivi koloko, za anthu atatu, za Paulo ndi foni yake. Anayang'ana wotchi. Anati anayamba kukayika tsiku limene ndinasiya nthabwala, koma ankaopa kufunsa chifukwa ankadziwa kuti akafunsa ayankhidwa. Kenako ananena motsitsa kuti masiku anayi akhala akudya ndi kukhuta mwana wawo ali mu filiji, ndipo ameneyo ndi mlandu umene tidzaukambe tsiku lina.

Felesta anafika nthawi yomweyo. Ataona masamba anazimitsa galimoto pamsewu pomwepo, natsika, ndipo kwa nthawi yoyamba sabata imeneyo analira mokweza, manja ali kumutu, kuyambira pa geti mpaka pamapazi a bambo ake. Anawayeza BP akulirabe. Inali pamwamba moopsa. Anawamwetsa mapilitsi. Iwo anameza, naimirira, n'kulowa kuchipinda. Tinamva lamba wa sutikesi ya ku Bilbao akumasulidwa. Anatuluka atavala suti ija ndi nsapato zatsopano.

Foni tinaiimika pa tebulo, yotsamira ketulo. Kumeneko kunali kamvula kowaza. Tinaona wansembe wovala masiki, mayi mwini lesitilanti, ndi chala cha Paulo m'mphepete mwa chithunzi. Dzenje kunalibe. Manda a kumeneko ndi khoma lalitali la timakomo, ngati mabokosi a makalata a ku positi ofesi. Anthu awiri ovala zoyera anakweza bokosi ndi makina mpaka mzere wachinayi n'kulikankhira mkati. Wina anakwera makwerero ndi ndowa ya simenti. Zonse sizinakwane mphindi khumi ndi zisanu.

Wansembe atafika pa mawu a dothi, apongozi anawerama n'kutapa mchenga m'bedi la maluwa la Felesta. Anatambasula dzanja ku foni, n'kusowa poponya. Anakhala choncho, chibakera chili m'mwamba, mpaka Felesta anachitsitsa. Mchengawo sanautaye. Wa simenti uja atatsika, apongozi anapempha Paulo kuti amuyandikizire munthuyo foni.

"Eskerrik asko," anatero, bwinobwino, monga anaphunzirira.

Munthuyo anadzidzimuka, kenako anagwira pamtima. Apongozi anafunsa nambala ya kakhomoko, Paulo anawerenga, iwo analemba m'kope ndi dzanja lamanzere chifukwa lamanja linali ndi mchenga.

Pobwerera, Paulo ali mu takisi sanazimitse foni. Anaitembenuzira ku windo. Ndi mmene apongozi anga anayendera mzinda wa Bilbao. Misewu inali mbee, yonyowa, yopanda munthu. Malo onse odyera anali otseka ndi zitseko zachitsulo, mipando itamangidwa ndi tcheni. Tinadutsa mtsinje wabulauni. Kenako nyumba ija inatulukira ikunyezimira mumvula, ndipo patsogolo pake galu wa maluwa atakhala yekha, kulondera bwalo lopanda anthu.

"Ndi malata ndithu, akamwini," anatero apongozi. Palibe anaseka. Anapempha kuti tizimitse.

A Davies anaimba mawa lake, atamva. Analankhula za akamwini osamva, za anthu ongofika Fomu 2, za zimene zikanachitika. Apongozi anatenga foni n'kuwauza kuti iwo anafika pakhomo n'kuona masamba ndi maso awo, ndiye sakuona mwambo umene waswedwa kupatula wowabisira masiku anayi. Mlandu umenewo sanaukambebe mpaka lero, kwa ine kapena kwa Felesta, ndipo umakhala nafe pa tebulo tikamadya.

Patapita sabata ndinaona kope lili lotsegula pabalaza. Manambala onse anali atawasuntha. Pamwamba pa nyumba ya malata, pa nambala wani, panali nambala ya kakhomo kaja. Mchenga uja anauika mu envelopu, pamodzi ndi chitenje, ndipo sutikesi inamangidwanso lamba.

Fili koloko anatuluka kuchipinda atavala chipewa, ndodo ili m'manja. Ndinawauza kuti Felesta wati apume kaye, ndipo palibe akudziwa kuti malire adzatsegulidwa chaka chiti.

"Munaona nokha," anatero. "Mzere wachinayi. Pamafunika makwerero."

Ndinawatsegulira geti. Masamba aja anali atauma m'mbali mwa kanjira, palibe anali atawasesa.