Nyenyezi ya a Wadih Yapuma

Moni kwa inu amene mwatsegula tsamba lino. Ndikuyamika Mulungu amene watisunga tonse, wolemba ndi wowerenga, mpaka takumana pano.

Nyali za Khirisimasi za mu Msewu wa Mabulosi sizinayambe ndi masomphenya ayi. Zinayamba ndi apongozi aakazi a Wadih Mhanna, amene anaterereka pa masitepe mumdima n'kuthyoka chala. Kutacha, a Wadih, amene anansi amawatcha bambo a Nemr, anapachika mababu asanu ndi awiri mumtengo wa mabulosi wa pakhomo pawo, kuti nkhaniyo ithe. Unali mwezi wa Disembala. Odutsa anati, "A Wadih atembenuka mtima." Sisitere Salwa, wa ku nyumba yosungira okalamba, anaona anthu ataima pansi pa mtengo opanda chochita, ndiye anaikapo dengu la zopereka.

Chaka chotsatira oyandikana nawo anachita nsanje, ndipo Mulungu, amene amadziwa kugwiritsa ntchito ngakhale nsanje, anadalitsa. Patatha zaka makumi awiri ndi zisanu, nyumba zonse khumi ndi zinayi zinali kuwala: angelo, abusa, ngamira zitatu, ndi pamwamba pa mtengo nyenyezi yaikulu imene a Wadih anawotcherera okha. Anthu ankakwera phiri lathu pa mabasi kuchokera ku Beirut, aliyense atanyamula botolo la mafuta a azitona, thumba la mphodza kapena bulangete. Okalamba a kwa masisitere ankadya za m'dengumo mpaka Pasaka.

Lamulo linali limodzi. Magetsi a boma amabwera ngati mlendo, osalonjeza, choncho msewu wonse umadalira jenereta, nyumba iliyonse muyeso wake wa mphamvu, maampeya asanu. Kuyambira tsiku la Barbara Woyera, kumayambiriro kwa Disembala, mpaka la Ubatizo wa Ambuye mu Januwale, kuchokera sikisi koloko madzulo mpaka seveni, aliyense ankazimitsa firiji, simbi ndi hita, kuti mphamvu yonse ipite ku nyali. Wina akabera, swichi yaikulu inkagwa, msewu wonse bii.

Chaka chimene ndikunenachi anayesa nyali kutatsala masiku awiri. Zinayaka mphindi zitatu, swichi n'kugwa. Anaidzutsa, inagwanso.

"Mayi Latife," anatero a Wadih kwa mayi wamasiye wa nyumba yachitatu, "simbi."

"Simbi? Ndisite malaya a yani, anu? Amuna anga ali kumwamba, kumeneko amawasitira angelo."

"Chaka chatha munali inu."

"Chaka chatha ndinalapa kwa Abuna, wansembe wathu. Inu mwapatsidwa liti ungwembe wokumbutsa machimo okhululukidwa?"

"Ungwembe?"

"Udindo, bambo a Nemr, udindo! Mwandisokoneza ndi lilime lomwe."

Kutacha a Wadih anayenda ndi kachipangizo kawo koyezera, waya ndi waya. Mabasi anali atalonjezedwa kale, ndipo nyali zikanapanda kuyaka, dengu likanabwerera kwa masisitere lopanda kanthu, chisanu chitangoyamba kumene. Pa nyumba ya kumapeto singano inagwedezeka. Maampeya awiri ankalowa m'nyumba ya a Zakhia, usana ndi usiku, osapumira.

A Zakhia anali mnzawo wa kuyambira kusukulu. Zaka zonsezo ndiwo ankagwira makwerero, uku akunena kuti waya wapindika. Koma chithyolereni azitona anali asanatuluke m'nyumba. Ankati msana.

A Wadih analowera kukhitchini ngati kale. Mayi Nouhad, akazi a Zakhia, anaima pakhomo la kuchipinda.

"Agona, bambo a Nemr."

"Akugona mokweza bwanji lero."

Chimene chinkamveka si mkonono. Anali makina othandiza kupuma, akung'ung'udza pambali pa bedi, kapaipi kake kali m'mphuno mwa a Zakhia. Munthu uja anali atatha ngati mtengo wa mphesa m'nyengo yozizira.

"Ndiye wakuba magetsi a Khanda Yesu ndiwe," anatero a Wadih.

"Tseka chitseko, bulu iwe."

Anatseka.

"Ukangouza munthu," anatero a Zakhia, akupumira pakati pa mawu, "mawa Latife ali pano ndi msuzi, mkuja Sisitere ali pano ndi machira. Zaka zonsezi ndakhala ndikusenza mphodza kupita kumeneko. Sindikufuna kukaidya. Ndifere pabedi panga."

"Wati ufe ndani?"

"Ndizizimitsa makinawa ola limodzilo. Ndinayesa dzulo, ndinafika mphindi khumi."

"Zinayi," anatero mayi Nouhad.

"Ukazimitsanso, ndidzakupha ndine," anatero a Wadih. Anamwa khofi amene anapatsidwa, nanena kuti wachepa shuga, n'kutuluka.

Mwini jenereta analibe ampeya ngakhale imodzi yowonjezera. Angelo anali a mayi Latife, ndipo kuwakhudza kukanafuna kufotokoza. Ngamira zinali za anthu atatu osayankhulana. M'msewu wonse chinthu chimodzi chokha ndicho chinkadya maampeya awiri, ndipo mwini wake sakanafunsa mafunso. A Wadih anaima pansi pa mtengo nthawi yaitali, akuyembekeza kuti mwina Ambuye aonetsa nkhosa ina yokodwa m'chitsamba. Sanaonetse. Anakwera makwerero popanda wogwira, nasolola waya wa nyenyezi.

Pa tsiku la Barbara Woyera mabasi anafika. Sikisi koloko itakwana nyali zinayaka, ndipo sizinazime. Pamwamba pa mtengo pokha panali mdima.

"Bambo a Nemr, nyenyezi?" anakuwa mayi Latife.

"Yapuma."

"Nyenyezi imapuma?"

"Anzeru a kum'mawa anafika kalekale. Njira akuidziwa."

Sananene china, ngakhale kwa akazi awo. Anthu anayamba kunong'onezana kuti a Wadih akalamba, manja sakudziwanso waya. Mawu amenewo anawalasa, koma anawameza. Lamulungu Abuna analalikira za kuunika kobisika kwa mphindi makumi anayi, osadziwa chimene akunena. Dengu linadzaza ngati zaka zonse, ndipo zimenezinso zinawapweteka a Wadih pang'ono.

Madzulo achitatu zenera la nyumba ya kumapeto linatseguka. A Zakhia anali atakhala pampando, atadzikulunga mpango mpaka m'maso.

"Iwe Wadih! Nyenyezi yako yafa!"

"Yakalamba ngati iwe."

"Ndinakuuza kuti waya uja wapindika."

"Unandiuza."

A Zakhia anakhala pazenerapo ola lonse, akuyang'ana angelo a mayi Latife, nanena kuti mmodzi ndi wopendekera.

Chino n'chaka chachitatu nyenyezi ili chizimire, makina a m'chipinda cha a Zakhia akung'ung'udzabe. Alendo azolowera, ena amati ndi mwambo wakale wa kuno. A Wadih, amene zaka zambiri ankapempha Mulungu kuti nyenyezi yawo iwale kuposa ya mudzi wa kutsidya, tsopano Disembala aliyense amagwada n'kupempha kuti isayake chaka chinonso.

Ambuye akusungeni inu amene mwawerenga, akupatseni mpweya wokwanira tsiku lililonse, ndi mnzanu wodziwa kukhala chete. Mtendere ukhale pa nyumba yanu.