Majombo a Pachithunzi

"Ungoponya chithunzicho pagulu basi, Tisu. Ndikuuze kangati?"

"Pansi pake ndilembepo chiyani?"

"Mawu ndakutumizira kale. 'Bambo Blackson, otchola tiyi, athokoza a Shado powagulira majombo.' Chovuta n'chiyani pamenepo?"

"Majombowo ali kuti?"

Lackson, wapampando wa achinyamata a chipani m'wodi imeneyo, anatsonya n'kuyang'ana kumsewu kumene kunaima galimoto ya a Shado, omwe ankaimira chipanicho pachisankho cha khansala. Tisungane anagwira foni ndi manja onse awiri. Pachithunzipo bambo ake, a Blackson, ankamwetulira mpaka mpata wa mano kuonekera, majombo akuda akunyezimira kumapazi, kumbuyo kwawo minda ya tiyi itayalika ngati kapeti wa kuukwati. Chinatuluka bwino moti mpaka chinkamunyansa. Anachita kugwada m'matope kuti achijambule chotero.

Chilembereni mayeso a folomu folo, Tisungane ankangoona ngati moyo ukuchedwa kuyamba. Ndiye tsiku limene Lackson anaimika njinga yamoto pakhomo n'kunena kuti, "Iwe umatha kulemba, ukhale adimini wa gulu lathu la WhatsApp ndi tsamba la Facebook," mtsikana anangomva ngati wafunsiridwa. Ankamukweza kumbuyo, n'kumadutsa m'tinjira ta pa esiteti chifunga chisanachoke, iye atagwira jekete la mnyamatayo. Mumtima anali atasankha kale malo odzajambulirapo zithunzi za ukwati, pamtunda paja pamene phiri la Mulanje limaonekera lonse.

Koma m'mawa umenewu a Shado anabwera pa sikelo yoyezera tiyi ndi majombo mapeya asanu ndi limodzi. Anasankha anthu okalambako, akuti ndi amene amagwira mtima pachithunzi. A Blackson anavula nsapato zawo zakale, zomangamanga ndi mphira, ndipo mwa chimwemwe anazipereka kwa a Justice, anzawo amene ankatchola atakulunga mapazi m'majumbo. Tisungane atangomaliza kujambula, anyamata a m'galimoto anati, "Vulanitu madala, awa ndi achitsanzo. Anu abwera tikawina." Majombo omwewo masana ankayembekezeka kwa Goliati, kukavalidwa ndi mapazi ena.

A Justice anayamba kumasula mphira kuti abweze nsapatozo. A Blackson anawagwira mkono. "Ndinakupatsani pamaso pa anthu. Mwamuna salanda chimene wapereka." Anasenza dengu lawo, n'kulowa m'mizere ya tiyi opanda nsapato, m'mame ozizira, pakati pa zitsa.

"Tamvera, Tisu," anatero Lackson, mawu atawafewetsa. "Gulu la anzathu a chipani china aja dzulo laponya zithunzi za zitenje, anthu akuthamangira konko. Lathu kwangoti zii, sabata ino atuluka khumi ndi awiri. A Shado akundifunsa ine. Ukufuna ndichotsedwe pampando?"

"Ndiye tiwanamize?"

"Ndi kampeni imeneyi, si tchalitchi. Aliyense amatero." Anamugwira pachibwano ndi chala. "Loweruka ndikutenga tikadye tchipisi ku Luchenza, awiriwiri. Waona?"

Miyezi itatu yonse anadikira mawu amenewo. Ankawayeserera pagalasi, n'kumadziyankha yekha mwamanyazi. Lero mawuwo atafika, anangomva fungo la mphira watsopano pachala cha Lackson, poti ndiye anathandiza kulongedza majombo aja m'katoni. Mtsikana anabwerera m'mbuyo.

Nthawi yomweyo belu la sikelo linalira ndipo otchola anayamba kutuluka m'munda. A Blackson anafika atawerama ndi dengu lodzaza. Mapazi awo anali atayera ndi kuzizira, chala chachikulu chakumanzere chitang'ambika, magazi atasakanikirana ndi dothi lofiira. Anatula dengu, n'kupukuta manja pamalaya.

"Mayi, chatuluka bwino chija?" anafunsa mwana wawo. "Tandionetsa. Amako sanandionepo nditavala majombo."

Tisungane anawaonetsa. Mkulu uja anachiyang'ana nthawi yaitali, akumwetulira ngati akuona m'bale wake wolemera wa ku Joni. Kenako kapitawo anaitana nambala yawo, iwo n'kupita akutsimphina. Asanafike patali, Tisungane anagwadanso m'matope momuja, n'kujambula mapaziwo.

"Ukutani?" anafunsa Lackson.

"Ntchito yanga. Si paja umati ndimatha?"

"Usachite zachibwana iwe. Gululi lili ndi anthu mazana atatu."

"Ndikudziwa. Ambiri ndinawalowetsa ndine, khomo ndi khomo m'malaini monsemu."

Kumsewu dalaivala analiza injini. Lackson anayang'ana galimoto, anayang'ana foni, thukuta litatuluka pamphuno.

"Chabwino, nena. Bandulo? Foni yatsopano? Ukufuna chiyani kwenikweni?"

"Ndinkafuna iweyo, Lackson. Chikhala kuti unandifunsa dzulo, bwenzi nditayankha choncho mosachita manyazi." Anasankha chithunzi cha mapazi, n'kuika chala pamwamba pa batani lotumizira. "Pano ndikufuna majombo a bambo anga, saizi eyiti, galimotoyo isananyamuke. Ukawaveke ndi manja ako."