Kamtengo Kuseri kwa Diso la ba Hatibu

Zaka zitatu Mwanaima anayenda ndi envulopu yakhaki m'chikwama mpaka inatha m'makona. Munali zithunzi za ekisire za mutu wa amuna ake, ba Hatibu, kalipentala wa ku komboni ya George. Kampani ya mipando imene ankagwirako itagulitsidwa n'kutsekedwa, iwo anamanga kashedi kuseri kwa nyumba n'kumakhoma mabedi ndi zitseko. Tsiku lina thabwa linadumpha pa sowo yamagetsi n'kuwamenya pamwamba pa diso lakumanzere. Bala linapola msanga, koma mutu sunaleke kuwawa, ndipo mwezi ndi mwezi diso linkatupa n'kutuluka mafinya.

Kukiliniki ankaunika zithunzizo pawindo, n'kunena kuti fupa lili bwinobwino, amwe makapisozi. Shehe anawapempherera dua. Ena pamzere wotunga madzi ankanong'ona kuti pali dzanja la munthu. Mwanaima anatopa n'kutsutsa. Ankangovomera aliyense, n'kubwerera kukakazinga samusa zake zogulitsa pasiteshoni, poti ba Hatibu tsopano ankagona masiku ambiri kuposa amene ankagwira ntchito.

Amene anawalozera njira ndi ba Nsama, nesi wokhala nawo pafupi. Anati chipatala china cha m'tauni chagula makina ojambula mutu mbali zonse, ndipo kuli dokotala, ba Ngosa, amene amadziwa kuwerenga zithunzi zake. Mwanaima anavala chitenje popanda chiyembekezo. Anapita chifukwa kukana kukanafuna mphamvu zimene analibe.

Atawalowetsa ba Hatibu m'makinawo n'kuwatulutsa, anadikira pabenchi mpaka dzuwa litapendeka. Kenako ba Ngosa anawaitanira m'kachipinda kozizira momwe munali kompyuta. Pagalasi panali nkhope ya ba Hatibu, yotuwa ngati yosema. Dokotala anasuntha dzanja patebulo, mutu uja n'kutembenuka, kuonetsa khutu, nkhongo, khutu linalo. Anadina, khungu lonse n'kuchoka. Mwanaima anayang'ana pansi. Anali ataona chigaza cha munthu amene wakhala pambali pake akupuma, ndipo anachizindikira ndi dzino loguluka lakutsogolo.

Ba Ngosa sanafulumire. Anakuza chibowo cha diso, n'kumasenda fupa pang'onopang'ono ngati akupala thabwa, kubwerera m'mbuyo, kupendeketsa, kusendanso. Kenako analoza ndi cholembera.

"Mwakaona aka kamzere, amai? Ni kamtengo. Kanalowa pansi pa fupa, kali kuseri kwa diso. Mtengo suoneka pa ekisire, ndiye chifukwa sanakapeze."

Ba Hatibu anasendera pafupi, dzanja litaphimba diso lodwalalo. Anapempha kuti akazungulitsenso, dokotala n'kukazungulitsa. Anakayang'anitsitsa monga amayang'anira msomali wopindika, n'kunena motsitsa kuti tsiku lija ankadula thabwa la mukwa.

Mwanaima ankaganiza kuti tsiku lopeza matendawa adzalira, kapena kuseka. Koma anangoyang'ana kamzere kaja pagalasi. Zaka zitatu za mizere yachipatala, za kuwiritsa madzi othowera diso, za kutukwanidwa ndi munthu amene kale sankakweza mawu, zonsezo chifukwa cha kanthu kosafika ndi kamtengo ka machesi.

"Manje muzakachosa liti?" anafunsa Mwanaima.

Anakachotsa patapita miyezi iwiri, kuchipatala chachikulu. Diso silinapulumuke, poti mafinya anali atawononga kale mtsempha. Koma mutu unaleka kuwawa, ndipo ba Hatibu anabwerera kushedi. Ndi diso limodzi hamala inkaphonya msomali, choncho anasiya mabedi n'kuyamba mabenchi ndi timipando, zimene anthu sayang'anitsitsa mzere wake.

Tsiku limene anapita kukaonedwa komaliza, dokotala anawauza kuti asabwerenso. Pobwerera, minibasi isanatuluke n'komwe m'tauni, Mwanaima anatsamira paphewa la amuna ake n'kugona tulo tofa nato. Atafika potsikira pawo kondakitala anagogoda chitseko, koma ba Hatibu anamukodola kuti apitirire.

"Basiyeni bagone," anatero.

Anakatsikira kumapeto kwa msewu, n'kubwerera wapansi m'fumbi, pang'onopang'ono, Mwanaima akuyenda mbali yakumanzere kuti aziwauza za maenje.