Tsiku Limene Mayi Latifa Anakana

Kwa Dambe konse kunalibe mayi wodziwika ndi kubweza ngongole ngati Stelia. Anali m'magulu atatu a banki m'khonde, la Lolemba, la Lachitatu ndi la Lachisanu, ndipo konseko ankamutchula ngati chitsanzo. Wina akachedwa kubweza, amayi ankangomufunsa kuti bwanji osatengerako kwa Stelia. Mwiniwakeyo ankamwetulira n'kukonza duku. Chimene amayiwo sankadziwa n'chakuti ndalama yobweza Lolemba inali yokongola Lachisanu, ndipo yobweza Lachitatu inali yotenga Lolemba lomwelo. Ndalama ija inkangozungulira mudzi itamangidwa kunsonga ya chitenje, osagulako ngakhale mchere.

Zinayamba mu Ogasiti, pomanga chiliza cha mayi ake. Mwamuna wake anapita ku Joni zaka zitatu zapitazo ndipo foni yake inasiya kupezeka, choncho zonse zinali pamutu pa Stelia. Anakongola K80,000 ya simenti ndi chakudya cha alendo, ndipo palibe amene angamunene pa zimenezo. Koma kukongolako kunali kosavuta mopitirira. Kunalibe fomu, kunalibe ulendo wa ku Blantyre. Umangokweza dzanja, mlembi n'kulemba dzina, msungichuma n'kutsegula bokosi. Tsiku lobweza litafika alibe kanthu, anakatenga ku gulu lina, n'kuwonjezerako pang'ono ya shuga. Mwezi wotsatira anawonjezera ya yunifolomu ya ana. Ankadziona wochenjera, ndipo kunena zoona ankadabwa kuti anzake sanatulukire njira yophweka chonchi.

Anaiwala chinthu chimodzi chimene mwana aliyense wa kumeneko amadziwa. Magulu onse amatseka mabuku mu Disembala, kuti anthu agawane masheya awo agulire feteleza ndi za Khirisimasi. Kumapeto kwa Novembala gulu la Lolemba linalengeza kuti bokosi latsekedwa, aliyense abweze. La Lachitatu linanena zomwezo, la Lachisanu chimodzimodzi, ndipo onse anasankha sabata imodzi yogawana. Stelia ataphatikiza zonse zinakwana K270,000. Apa madzi anafika m'khosi, poti aliyense amadziwa zimene amayi a banki m'khonde amachita ndi munthu wolephera kubweza: amabwera gulu lonse, n'kunyamula mapoto, matiresi, ngakhale malata a padenga.

Nkhani ya mavuto siichedwa kufika kwa ogula. Binwell, venda amene ankabwera ndi lole chaka chilichonse kudzapikula zipatso, anatulukira Lamlungu masana ngati wongodutsa. Kuseri kwa nyumba ya Stelia kunali mitengo khumi ndi iwiri ya manachesi, imene mayi ake anabzala iye ali kumsana. Binwell anaizungulira manja ali kumbuyo, akuyang'ana tizipatso tobiriwira timene tinali titangoyamba kumene. Kenako ananena mwaulemu kwambiri kuti iye sakonda kuona mayi akuvutika. Adzalipira ngongole yonse, ndipo mitengoyo idzakhala yake kwa zaka zisanu, osathyolapo ngakhale nachesi limodzi la mwana. Anati adzabwera Lachinayi ndi pepala komanso mboni.

Stelia anatsala pang'ono kumugwadira. Koma atachoka mlendoyo, mtima unayamba kumupweteka. Mitengo imeneyi ndi imene inamuphunzitsa iye sukulu, ndipo mayi ake akudwala ankanena kawirikawiri kuti mbuzi ungagulitse, koma mitengo ndi mbale ya ana. Anaganiza zoyamba wayesa khomo limodzi lomwe linatsala.

Lachiwiri m'mamawa anakwera njinga yamoto kupita ku Boma, kwa Mayi Latifa. Amenewa anali mayi wachisilamu wachikulire, mwini golosale pafupi ndi msika, ndipo mayi ake a Stelia anagulitsa manachesi pakhonde la golosaleyo kwa zaka makumi awiri. Awiriwo ankadyera mbale imodzi. Stelia sankakayika konse. Anali atakonza kale ndi mawu othokozera.

Mayi Latifa anamvetsera nkhani yonse akupima shuga m'timapepala. Atamaliza anamanga kapepala komaliza, n'kupukuta m'manja.

"Ndalama ndili nayo, mwana wanga, koma sindikupatsa."

Stelia anamva ngati amuthira madzi ozizira. Manyazi anasanduka mkwiyo, ndipo mumtima anawanena mayiwo zambiri, zina zosayenera kunenera munthu wamkulu. Anaimirira kuti azipita. Mayi Latifa anamuuza kuti akhale pansi, chifukwa ngakhale atamupatsa, iwo angokhala gulu lachinayi, la Lachiwiri. Kenako anatapa nyemba m'thumba lomwe linali pafupi, n'kuzikhuthulira pakauntala. Anati nyemba iliyonse ikhale K10,000, ndipo Stelia awerenge ngongole yake yonse.

Anawerenga nyemba makumi awiri ndi zisanu ndi ziwiri. Mayiwo anamuuza kuti apatule zimene anagwiritsadi ntchito. Anapatula zisanu ndi zitatu za chiliza, kenako zinayi za shuga, yunifolomu ndi tina n'tina. Pakauntala panatsala mulu wa nyemba khumi ndi zisanu. Mayi Latifa anafunsa kuti nanga izi anagulira chiyani. Stelia anaziyang'ana nthawi yaitali, akufufuza m'mutu chovala kapena chiwiya chilichonse, koma sanapeze kanthu. Chonsecho chinali chiwongoladzanja, chobereka pa chiwongoladzanja chinzake. Miyezi inayi yonseyi ankalipira kuti amayi azimuyamikira.

Ndiye anafika pa mitengo. Mayi Latifa anafunsa kuti chaka chatha inabweretsa ndalama zingati. Stelia sankadziwa. Ankagulitsa beseni lero, mabeseni awiri mawa, ndalama n'kuthera m'manja tsiku lomwelo. Anayamba kukumbukira limodzi, mtengo ndi mtengo, ndipo mayiwo ankaidziwa mitengoyo ngati ana awo, mpaka uja wa pafupi ndi khola umene umachedwa kupsa. Zinakwana nyemba makumi awiri pachaka. Mayi Latifa anaunjika milu isanu yotero mbali imodzi, mbali inayo n'kusiya kamulu ka Binwell kaja.

"Taona wekha. Akukupatsa izi, iye atenge izi. Kodi mayi ako akanavomera?"

Stelia anaweramira pakauntala. Misozi inali ikugwera pa nyemba, ndipo mayiwo anamusiya kuti alire, iwo akugulitsa machesi kwa munthu amene analowa.

Atapukuta maso anabwerera ku ntchito. Mayi Latifa anamufunsa za masheya ake. Stelia anali asanaganizepo zoti masheya angalowe pa ngongole, chifukwa kwa iye imeneyo inali ndalama ya Khirisimasi, yosakhudzana ndi china chilichonse. M'magulu atatuwo, pamodzi ndi phindu, anali ndi nyemba khumi ndi zisanu. Mayiwo anaseka pang'ono n'kunena kuti phindu lambirilo n'lake lomwe, poti iye ndiye ankanenepetsa mabokosi onse atatu. Anachotsa nyembazo pa mulu wa ngongole, n'kutsala khumi ndi ziwiri. Kugulitsa mbuzi yake ndi kamwana ka mbuziyo kunachotsa zina zisanu ndi ziwiri. Panatsala nyemba zisanu zokha, zonse za gulu la Lachisanu, ndipo apa panalibenso chochotsera.

Mayi Latifa anati zisanu zimenezi akapemphe amayi a gululo kuti amudikire mpaka manachesi atapsa, ndipo akawauze zoona zonse, osabisa kanthu. Stelia anati bola kufa. Iye, chitsanzo cha Dambe yense, akaime pamaso pa anthu n'kuulula kuti ankangozunguza ndalama?

"Dzina limabwerera, mwana wanga. Ana ako akakhala zaka zisanu akuyang'ana manachesi a kwawo ngati a eni, zimenezo sizibwerera."

Anakokolera nyemba zonse m'kapepala, n'kumupatsa kuti apite nazo. Ndicho chokha chimene Stelia anatuluka nacho m'golosalemo, ndipo njira yonse yobwerera anali asanawakhululukire kwenikweni.

Lachinayi Binwell anafika ndi pepala ndi mboni monga ananenera. Stelia anali asanadziwe kuti amayi a gulu adzati chiyani mawa lake. Komabe anamuyalira mkeka, n'kukhuthula nyemba zija, n'kumuunjikira milu isanu. Binwell anaiyang'ana, anakanda kumutu, n'kunena kuti chabwino, zaka zitatu. Stelia anapukusa mutu. Bamboyo anapinda pepala lake, ndipo pochoka anamuchenjeza kuti malata akadzasasulidwa asadzamufune.

Lachisanu gulu linakumana pakhomo pa wapampando, Mayi Constance, munthu wosaseka ndi ndalama. Stelia anagwada pakati pa bwalo n'kunena zonse, nyemba zili patsogolo pake. Amayi anamumvetsera mpaka kumapeto. Kenako zinayambika. Wina anati ndi ukathyali, wina anati akanyamule mapoto lero lomwe, wina anakumbutsa mmene ankawanyozetsera pa nkhani yochedwa kubweza. Stelia anangowerama, poti zonsezo zinali zoona.

Mayi Constance anawaletsa ndi dzanja, n'kumuuza kuti abwerezenso pa mulu uja wa nyemba zosagula kanthu. Anabwereza pang'onopang'ono. Ali mkati, mayi wina amene anakalipa kwambiri uja anayamba kusisima, n'kuulula kuti nayenso ali m'magulu awiri ndipo akuchita zomwezo. Wachiwiri anatsatira. Zinapezeka kuti Stelia sanali yekha wochenjera m'mudzimo.

Anakambirana mpaka dzuwa kupendeka. Pomaliza anagwirizana kuti aliyense alandire zochepa pang'ono pa kugawana, ngongole ya Stelia aiimitse kubereka, ndipo adzabweze mu Juni. Anaikanso lamulo loti aliyense wofuna kukongola aziyamba waunjika nyemba pamkeka, kuonetsa zimene akutenga, zimene adzabweze ndi kumene zidzachokere. Stelia anawathokoza mmodzimmodzi. Anazungulira bwalo lonse chogwada, akugwira dzanja la mayi aliyense, ngakhale amene ankafuna mapoto aja.

Khirisimasi ya chaka chimenecho ana anadyera masamba a maungu, ndipo khola linali lopanda kanthu. Kumagulu enawo Stelia anatulukako, n'kutsala la Lachisanu lokha. Anthu anamunena kwa miyezi iwiri, kenako anapeza nkhani ina. Manachesi atayamba kupsa, Stelia ankaponya nyemba m'botolo nthawi iliyonse ndalama ikakwana K10,000, ndipo ndalama ya nyemba zisanu zoyamba anakaipereka kwa Mayi Constance sabata yoyamba ya Juni. Binwell anabweranso ndi lole yake, n'kugula pa mtengo wa chaka chimenecho ngati wina aliyense.

Mtengo wa pafupi ndi khola uja, wochedwa kupsa, Stelia sanagulitseko. Anathyola yekha, n'kusankha akuluakulu, n'kudzaza dengu. Anafika nalo ku Boma dzuwa lili paliwombo, n'kulitula pakhonde la golosale, pamalo pomwe mayi ake ankakhala. Mayi Latifa anatuluka, anayang'ana dengulo, n'kufunsa kuti akugulitsa bwanji. Stelia anagwada n'kunena kuti si ogulitsa, wabwera kudzathokoza.

"Kuthokoza chiyani? Ine sindinakupatse kanthu."

"N'chimenecho ndabwerera, mayi. Tsiku lija ndinakutukwanani mumtima njira yonse mpaka kwathu. Mukanandipatsa, bwenzi lero ndikubwera ndi ndalama ya Binwell kudzakubwezerani."

Mayi Latifa anaseka mpaka kutsokomola. Anatenga nachesi limodzi, analisenda ndi chala chachikulu, n'kulinunkhiza asanalawe. Anati ndi la mtengo wa kukhola, sangalisokoneze, chifukwa mnzawo uja ankawasungira a mtengo umenewo chaka chilichonse. Anagawa pakati, theka n'kupatsa Stelia, ndipo anakhala pansi pambali pake pakhondepo mpaka analimaliza.